Mmene ndinasinthira khadi la graphics mu laputopu yanga ya Dell Precision M4800

Laputopu imene ndimajambulira mapulani a nyumba ndi Dell Precision M4800, makina amene anatuluka mu 2013 ndipo ine ndinawagula atagwira kale ntchito m'manja mwa munthu wina. Purosesa yake, Core i7-4800MQ, ikadali ndi mphamvu zokwanira ntchito yanga, koma khadi la graphics (chipangizo chopanga zithunzi za pa sikirini) limene inabwera nalo, Quadro K1100M la 2 GB, linafika potopa. Ndikatsegula pulani yaikulu n'kuyamba kuitembenuza kuti ndiione mbali zonse, chithunzi chinkayenda modukizadukiza, ndipo mapulogalamu ena atsopano ankadandaula kuti driver, pulogalamu yoyendetsa khadilo, ndi yakale, chifukwa NVIDIA, kampani yopanga makhadiwa, inasiya kalekale kutulutsa ma driver atsopano a makhadi a m'malaputopu a m'badwo wa Kepler. Ndalama zogulira makina ena ndinalibe, choncho ndinaganiza zosintha khadi lokha.

Ndiyenera kunena msanga kuti malaputopu ambiri salola zimenezi. Nthawi zambiri RAM ndi disiki zimazuka mosavuta, koma chipu cha graphics m'malaputopu ochuluka chinawotchereredwa pa motherboard ndi timipira tachitsulo tambirimbiri tokhala kunsi kwake, moti palibe chomasula. Ngakhale mmisiri wodziwa kugwiritsa ntchito makina otenthetsera atachimatula, chipu china champhamvu sichingangolowa m'malo mwake, popeza njira za magetsi, memory ndi BIOS (pulogalamu yoyatsa makina) zonse zinakonzedwera chipu choyambacho. Amene ali ndi laputopu yotere, njira imodzi imene yamutsalira ndi kulumikiza khadi lakunja kudzera pa chingwe cha Thunderbolt ngati makina ake ali ndi polowera pake. Mwayi wanga unali woti M4800 ili m'gulu la makina ochepa amene khadi lake ndi kabolodi kapadera kolowetsedwa m'kamwa mwa cholumikizira chotchedwa MXM, muyezo umene NVIDIA inayambitsa mu 2004.

Nthawi yaitali kwambiri pa ntchito yonseyi inathera pa kusankha khadi, ndisanagwire n'komwe sikuludiraiva. Makhadi a MXM 3.0 alipo a misinkhu iwiri: Type A ndi la mamilimita 82 kwa 70, pamene Type B ndi la mamilimita 82 kwa 105. M4800 imalandira Type A yokha, ndipo makhadi akuluakulu amene amalowa mwa mkulu wake, M6800, sangakwane ngakhale mutawakankha bwanji. Chachiwiri chinali magetsi ndi kutentha. Dell inkagulitsa makinawa ndi K1100M, K2100M kapena AMD FirePro M5100, ndipo K2100M imadya mawati 55, kutanthauza kuti zoziziritsira za mkati zinapangidwa kuti zipirire mpaka pamenepo. Ndinasankha Quadro M2000M, khadi la m'badwo wa Maxwell la mu 2015, lokhala ndi memory ya 4 GB ndi ma CUDA core (timagawo ta chipu togwira ntchito yowerengera) 640 poyerekeza ndi 384 a khadi langa lakale, ndipo nalonso limadya mawati 55. Chaja cha mawati 180 chimene makinawa amabwera nacho chinali chokwanira.

Chachitatu, chimene munthu sangachione ndi maso pa chithunzi cha wogulitsa, ndi vBIOS, kapulogalamu kakang'ono kamene kamauza laputopu kuti khadi ndi lotani ndiponso liyatsidwe bwanji. M2000M inkapezeka mu Dell Precision 7510 komanso mu HP ZBook 15 G3, ndipo makhadi awiriwo amafanana maonekedwe, koma ambiri ochokera m'makina a HP sakhala ndi vBIOS pa khadi penipeni chifukwa kampaniyo imaisunga mu BIOS ya laputopu. Khadi lotero mukaliika mu Dell silidziwika. Ndinafunsa wogulitsa pa eBay kuti anditsimikizire kuti khadilo linachotsedwa mu Precision 7510 ndi kunditumizira chithunzi cha chikwangwani chake, ndipo nditakhutira ndinalipira. Linafikira kwa mlamu wanga ku Britain, n'kudikira kumeneko mpaka atapeza wobwera kumudzi. Pa katundu yemweyo ndinaonjezera thermal paste, phala lopaka pa chipu kuti kutentha kudutse bwino, ndi ma thermal pad, timapepala tofewa ngati labala timene timapititsa kutentha kuchokera ku memory kupita ku heatsink, chitsulo choziziritsa khadi.

Tsiku lisanafike ndinakonza mbali ya mapulogalamu. Ndinakopera ntchito zanga zonse pa disiki ina, ndinakweza BIOS kufika pa yomaliza imene Dell inatulutsa, ndipo ndinachita zimenezi batire ili yodzaza chifukwa magetsi akathima BIOS ili pakati polembedwa makina akhoza osayakanso. Ndinatsitsiratu driver ya NVIDIA, GPU-Z, pulogalamu yoonetsa dzina ndi kutentha kwa khadi, ndi Display Driver Uninstaller, ndipo pulogalamu yomalizayi ndinaigwiritsa ntchito mu Safe Mode kufufuta driver yakale yonse. Kenako ndinalowa mu BIOS podina F2 n'kuonetsetsa kuti Switchable Graphics, imene imalola makina kusinthana pakati pa graphics ya purosesa ndi khadi, ndi yoyatsa. Mfundo imeneyi ndi yofunika: ikakhala yoyatsa, sikirini imayendetsedwa ndi Intel HD Graphics 4600 ya m'purosesa, motero ngakhale khadi latsopano litakana, munthu amaonabe chithunzi n'kudziwa pamene pavuta, m'malo moyang'anizana ndi mdima.

Ndinayamba kumasula Loweruka m'mawa, patebulo la pafupi ndi zenera, buku la Dell lofotokoza kaphwasulidwe ka makinawa lili lotsegula pafoni. Ndinazula chaja ndi batire, ndinadina batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkagwira chitsulo cha zenera kuti ndichotse magetsi a m'thupi, amene amachuluka nyengo youma ndipo amatha kuononga chipu mwakachetechete. Masikuluwu ndinawaika m'thireyi ya mazira, gulu lililonse m'dzenje lake, n'kulembapo ndi pensulo kumene achokera. Amaoneka ofanana, koma kutalika kwake n'kosiyana, ndipo lalitali likalowa pa malo a lalifupi limatha kuboola chimene chili kuseri.

Khadi la M4800 salifikira kuchokera pansi. Ndinachotsa chitseko cha pansi, disiki ndi DVD, kenako ndinatembenuza makinawo n'kutukula kalamba kapulasitiki kozungulira kiyibodi, kiyibodi yeniyeniyo, ndipo pomaliza chivundikiro chonse cha pamwamba pamene pamatsamira manja. Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Kiyibodi, touchpad ndi batani loyatsira zimalumikizidwa ndi timalamba topyapyala togwidwa ndi tizitseko tating'ono, ndipo kachitseko kamayenera kutukulidwa ndi chikhadabo kalamba kasanakokedwe. Chivundikirocho chimagwidwanso ndi mano apulasitiki m'mbali monse, amene ndinawamasula poyendetsa khadi lakale la kubanki m'mphepete pang'onopang'ono, dzino lililonse likulira likamasiya.

Chimene ndinapeza mkati chinandichititsa manyazi. Pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo totulutsira mpweya panali fumbi lolukana ngati kansalu ka bulangete, limene linatuluka lathunthu nditalikoka ndi chikhadabo, ndipo ndikukhulupirira kuti mbali ina ya ulesi wa makinawa inkachokera pamenepo osati pa ukalamba wa khadi. Ndinazula fani, ndinamasula masikuluwu a heatsink motsatira manambala olembedwa pa chitsulocho, ndipo popeza phala lakale linali litauma n'kumata, ndinaipotoza pang'ono uku ndi uku m'malo moikoka molunjika. Khadi lenilenilo limagwidwa ndi masikuluwu awiri okha. Nditawachotsa linadzuka lokha mopendekeka monga imachitira RAM, ndipo ndinalisolola ndi zala ziwiri.

Nditaika makhadi awiriwo pambalipambali ndinaona chinthu chimene chikanandisokoneza. Kuseri kwa khadi kuli chitsulo chopingasa mmene mumalowa masikuluwu a heatsink, ndipo cha pa khadi latsopano sichinkagwirizana bwino ndi masikuluwu anga. Ndinayenera kusamutsa chitsulo cha pa khadi lakale. Zitsulozi zinamatidwa ndi guluu, choncho ndinazitenthetsa pang'ono ndi choumitsira tsitsi cha akazi anga n'kuzitukula ndi kapulasitiki kathyathyathya, osati mpeni, chifukwa pafupi pomwepo pali tizipangizo tating'ono ngati njere za mchenga timene tikathothoka basi khadi lafa. Ndinapukuta chipu ndi mkuwa wa heatsink ndi isopropyl alcohol mpaka zinawala, ndinadontheza phala latsopano lochepera njere ya nandolo pakati pa chipu, ndinayala ma pad pa memory, ndinalowetsa khadi mopendekeka mpaka mano ake agolide anabisika, ndipo ndinamanga heatsink modumphitsa ngodya, pang'onopang'ono mbali iliyonse, kuti chitsulo chitsike mofanana.

Sindinatseke makina onse. Ndinalumikiza fani, batani ndi kiyibodi mongogwirizira n'kuyatsa, ndipo patapita kanthawi kamene kanaoneka kotalika, chizindikiro cha Dell chinatuluka. Mu Device Manager, mmene Windows imaonetsa zipangizo za makina, khadilo linaoneka ngati Microsoft Basic Display Adapter, umboni woti laputopu yaliona koma sikulidziwa dzina. Nditayesa kuika driver ya NVIDIA, inakana n'kunena kuti sinapeze chipangizo choyenerera. Ndinkayembekezera zimenezo. Driver imakhala ndi mndandanda, m'mafayilo a INF, wa makhadi ndi malaputopu amene anagulitsidwira limodzi, ndipo M2000M sinagulitsidwepo mu M4800. Pa Hardware Ids ndinaona VEN_10DE, nambala ya NVIDIA, DEV_13B0, nambala ya M2000M, ndi gawo la SUBSYS lothera ndi 1028, nambala ya Dell. Ndinatsegula fayilo ya INF ya makina a Dell, yomwe dzina lake limayamba ndi nvdm, ndinapeza mizere ya 13B0, n'kusintha nambala ya laputopu kuti ikhale yanga. Ilipo pulogalamu yotchedwa NVCleanstall imene imachita zomwezi, koma ine ndinafuna kuona ndekha chimene ndikusintha.

Fayilo ikasinthidwa, siginecha ya driver, chidindo chotsimikizira kuti sinasinthidwe, imasweka ndipo Windows imaikana. Ndinagwira Shift podina Restart, ndinadutsa pa Troubleshoot, Advanced options ndi Startup Settings, n'kusankha nambala 7, imene imaimitsa kufufuza siginecha pa kuyatsa kumodzi kokha. Windows inachenjeza, ine ndinavomera, sikirini inaphethira kangapo, ndipo GPU-Z inalemba Quadro M2000M, 4096 MB.

Chisangalalo sichinakhalitse. Nditatsegula pulani yaikulu ija, kutentha kwa chipu kunakwera kupitirira madigiri 90 m'mphindi zochepa, fani ikulira ngati chigayo, ndipo khadi linayamba kudzichepetsa liwiro lokha. Vuto linali langa. Ndinali nditagula ma pad a milimita imodzi ndi theka poganiza kuti okhuthala agwira bwino, osayeza akale. Nditachotsanso heatsink, phala linandiuza zonse: mbali imodzi linaphwanyika bwino, mbali inayo linali likadali chotupa, mkuwa usanalikhudze n'komwe. Ma pad okhuthala aja anali atanyamula chitsulo m'mwamba. Mwamwayi akale ndinali ndisanataye, ndipo nditawayerekeza ndinaona kuti ndi opyapyala. Ndinadikira masiku angapo mpaka nditapeza a milimita imodzi kwa wokonza mafoni ndi makompyuta m'tauni, ndinapukutanso zonse, n'kuyambiranso. Ulendo uno phala linafalikira mofanana pa chipu chonse, ndipo pa ntchito yomweyo kutentha kunakhazikika pa madigiri 70 ndi pang'ono.

Ndinasiya makinawo akugwira ntchito yolemera kwa ola lathunthu, kiyibodi ikadali yongoikidwa pamwamba, ndikuyang'ana ngati patuluke timizere kapena timadontho tachilendo pa sikirini, ndipo ndinayesanso kulumikiza sikirini yakunja pa HDMI. Zonse zitayenda bwino ndinatseka, kubwerera m'mbuyo dzenje ndi dzenje m'thireyi ya mazira ija mpaka inatsala yopanda kanthu.

Pulani imene inkadukiza tsopano imatembenuka mosalala, ndipo phindu lalikulu ndaliona pa 4 GB, chifukwa mafayilo amene ankadzaza khadi lakale akukwana bwino. Sindikufuna kukokomeza, makinawa ndi a mu 2013 ndithu: purosesa yake siili pa mndandanda wa zimene Windows 11 imavomereza, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Komanso nthawi iliyonse imene ndifuna driver yatsopano ndiyenera kusinthanso INF n'kudutsanso pa nambala 7 paja, choncho ndinasunga driver yosinthidwayo pa fulashi ndipo sindiigwedeza popanda chifukwa. K1100M ndinaikulunga m'kathumba kamene munabwera khadi latsopano, pamodzi ndi chitsulo chopingasa chotsala chija, ndipo ili m'dirowa kuti M2000M ikadzafa ndidzakhale ndi pobwerera.