Mmene ndinalowera mu bodi ya nyumba za boma ku Massachusetts

Nkhaniyi inayambira pakhomo la tchalitchi, mumzinda umene ndimakhala ku Massachusetts, ku America, kumapeto kwa chaka cha 2023. Mayi wina wachikulire amene amakhala m'nyumba za boma za okalamba anandigwira dzanja n'kundiuza kuti mpando umodzi mu bodi yoyang'anira nyumbazo watsala wopanda munthu. "Mwanawe, iwe si umalemba mapulani a mizinda? Kalowe, ukationere madenga athuwa." Ndinakulira m'nyumba ya Malawi Housing ku Chitawira, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira mwini nyumba akakhala ofesi, osati munthu woti ungamugogodere pakhomo. Ndinavomera usiku womwewo.

Ndinayamba ndi kuwerenga lamulo lake, Chapter 121B. M'mizinda ya ku Massachusetts bodi yotere imakhala ya anthu asanu. Anayi amasankhidwa ndi meya ndipo khonsolo iyenera kuvomereza, wachisanu amasankhidwa ndi boma la Massachusetts. Mwa anayi a meya aja, mmodzi ayenera kuchokera ku mabungwe a anthu apantchito, wina ayenera kukhala munthu wochita lendi m'nyumbazo. Choncho mipando imene katswiri wa mapulani angalowepo ndi yochepa, ndipo munthu akakhalapo amakhala zaka 5. M'matauni ang'onoang'ono n'zosiyana, chifukwa kumeneko ambiri a mu bodi amachita kuvoteredwa.

Kupempha kwenikweniko sikunavute. Ndinalemba kalata ya tsamba limodzi, ndinaphatikiza CV ndi umboni woti ndimakhaladi mumzindamo, n'kutumiza ku ofesi ya a meya. Patapita milungu itatu anandiitana, tinacheza theka la ola.

Pamene panandidyera nthawi ndi pa nkhani ya kudyera mbali ziwiri. Kampani imene ndimagwirako ntchito imalangiza anthu omanga nyumba, ndipo bodi imeneyi imapereka makontirakiti okonza ndi kumanga. Lamulo la Chapter 268A limaletsa munthu wa mu bodi kulowerera nkhani iliyonse imene iyeyo, banja lake kapena omulemba ntchito angapezepo ndalama. Si kuvota kokha. Ngakhale kuyankhulapo n'koletsedwa. Ndinaimbira foni ku State Ethics Commission, bungwe la boma loyang'anira lamuloli, kumene loya amapereka uphungu kwaulere, ndipo ndinafotokoza zonse osabisa kanthu: makampani amene ndinagwirapo nawo ntchito, amene akadali makasitomala athu, ngakhale mnzanga wa kusukulu amene ali ndi kampani yofolera madenga. Ndinatsatira uphunguwo. Ndinakhala pansi ndi abwana anga n'kugwirizana kuti kampani yathu sidzapikisana nawo pa ntchito iliyonse ya bodiyi nthawi yonse imene ndili pampandopo, kenaka ndinalemba kalata youlula maubale onsewo n'kukasiya kwa a meya dzina langa lisanapite ku khonsolo. Ndikulangiza aliyense kuti achite zimenezi poyambirira. Khansala akazitulukira yekha pa msonkhano, zimaoneka ngati munabisa, ngakhale mutakhala kuti munangoiwala.

Kukhwima kwa malamulowa kuli ndi chifukwa chake. Mu 2011 kunadziwika kuti mkulu woyendetsa nyumba za boma ku Chelsea, mzinda wina wa ku Massachusetts, Michael McLaughlin, ankalandira madola pafupifupi 360,000 pachaka koma ku boma ankalemba 160,000. Bodi yake inalipo, imakumana, imasayina mapepala. McLaughlin anamangidwa, ndipo mu 2014 kunabwera lamulo latsopano limene, mwa zina, linalamula kuti a mu bodi aziphunzitsidwa ntchito yawo.

Chinthu chimene chinandithandiza kwambiri sichinalembedwe m'lamulo lililonse. Ndisanakaonekere ku khonsolo, ndinapempha kukumana ndi bungwe la anthu okhala m'nyumbazo. Tinakumana m'chipinda chochezera cha pansi pa nyumba ya okalamba, masana a Loweruka, kunja kukugwa chipale chofewa. Pakona panali chidebe cha pulasitiki cholandira madzi odontha kuchokera kudenga, ndipo mayi wina anadzuka kawiri kukakhuthula tili mkati mokambirana. Ndinali nditakonzekera kuyankhula za malo osagwiritsidwa ntchito bwino ndi njira zopezera ndalama zomangira. Ndisanafike patali, bambo wina wa ndodo anakweza dzanja.

"Bambo, tikupepesa kukudulani. Inu mukati kutukula, ife timamva kusamutsidwa. Makolo anga anali a ku West End."

Aliyense wophunzira mapulani a mizinda kuno amaidziwa West End. Linali dera la mumzinda wa Boston lokhala anthu osauka ndi obwera kuchokera kumayiko ena, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 linagwetsedwa m'dzina la chitukuko. Anthu zikwizikwi anabalalika, pamalopo panamangidwa nyumba zodula zimene eni dera sakanazikwanitsa. Anajambula zimenezo anali anthu a ntchito yanga yomweyi. Ndinaiphunzira m'kalasi, koma tsiku limenelo ndinaiona pankhope ya munthu.

Sindinawalonjeze kuti palibe nyumba imene idzagwetsedwe, chifukwa zina zatha ndithu, mapaipi ake ndi a nthawi imene zinamangidwira asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndinalonjeza ziwiri: sindidzavotera pulani iliyonse isanaonetse papepala kuti nyumba za anthu opeza zochepa zilipo zingati lero ndipo zidzakhala zingati ntchito ikatha, komanso ufulu wa munthu aliyense wobwerera uyenera kulembedwa asanasamutsidwe. Bamboyo sanayankhe. Anangondiuza kuti ndimutsatire, n'kundikweza ku chipinda choyandikana ndi chawo. Chinali chokhoma, pansi pa chitseko pali mapepala otsatsa malonda amene anasanduka achikasu. Mwini wake anamwalira chilimwe chisanayambe, ndipo chiyambire palibe amene analowamo.

Chipinda chimenecho sichinali chokha. Mu 2023 atolankhani a WBUR ndi ProPublica anapeza kuti nyumba za boma la Massachusetts pafupifupi 2,300 zinali zopanda anthu, pamene anthu oposa 180,000 anali pa mndandanda wa odikira. Zina zinkafunika kukonzedwa ndalama palibe, zina zinkachedwa chifukwa cha mndandanda wa pa intaneti wotchedwa CHAMP, pamene munthu mmodzi amalembetsa m'mizinda yambiri, ndipo ogwira ntchito amatha milungu akufufuza anthu amene sadzabwera n'komwe.

Ku khonsolo dzina langa linapita kaye ku komiti. Tsiku loyamba makhansala sanakwane, nkhani inaimitsidwa kwa milungu iwiri, choncho musatenge tchuthi cha tsiku limodzi lokha n'kuganiza kuti zatha. Ulendo wachiwiri anandifunsa za kampani yathu, monga ndinkayembekezera, ndipo ndinangowapatsa kalata ija. Anthu anayi a m'nyumba za okalamba anabwera pa basi n'kukhala kumbuyo. Bambo wa ndodo uja anaimirira pa nthawi ya ndemanga za anthu, nanena mawu ochepa: kuti ndinabwera kudzawamvera, ndipo adzandikumbutsa zimene ndinalonjeza. Khonsolo yonse inavomereza sabata yotsatira.

Kuvomerezedwa si kulowa ntchito. Mumayenera kukalumbira kwa mlembi wa mzinda musanavotepo chilichonse. Pomwepo amakupatsani mapepala a lamulo la misonkhano yapoyera, ndipo mumasayina pasanathe milungu iwiri kuti mwalandira. Maphunziro a pa intaneti a Chapter 268A mumamaliza pasanathe masiku 30, kenaka pali maphunziro a boma a anthu a mu bodi. Lamulo la misonkhanoli ndilofunika kulimvetsa bwino: msonkhano ulengezedwe maola 48 usanachitike, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide, ndipo popeza atatu mwa asanu ndi okwanira kupanga chiganizo, kukambirana nkhani ya bodi anthu atatu pa imelo n'kuphwanya lamulo kale.

Mafoni a anthu ofuna nyumba anayamba sabata yomweyo. "Achimwene, tamva zabwino, mutiikeko pamwamba." Ndimawamvetsa, lendi kuno ikupha anthu. Koma bodi sisankha wolowa m'nyumba. Ntchito yake ndi kulemba ndi kuyang'anira mkulu woyendetsa ntchito, kuvomereza bajeti ndi pulani yokonzera nyumba, ndi kukhazikitsa ndondomeko. Ndimawauza zimenezi mosazungulira, n'kuwasonyeza kumene angalembetse.

Pa msonkhano wanga woyamba ndinapempha chinthu chimodzi: kuti mwezi uliwonse tizilandira mndandanda wa nyumba zopanda anthu, masiku amene iliyonse yakhala chomwecho, ndi chifukwa chake. Anzanga anavomera. Mu August 2024 bwanamkubwa Maura Healey anasayina lamulo la Affordable Homes Act, limene linalola madola 2 biliyoni kuti apite pokonza nyumba za boma, ndipo denga lodontha lija tinaliika pamwamba pa pulani yathu. Chipinda chokhoma chija munalowa mayi wina mu October, amene anali atadikira zaka zinayi akugona pa sofa kwa mwana wake.