Zaka 3 za makina a mawaya ku Mangochi

Mwezi uno takwanitsa zaka 3 chitsegulireni situdiyo yathu kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, komwe timajambula nyimbo ndi kukonza modular synthesizer. Anthu kuno anangoitcha makina a mawaya, ndipo dzinalo linakhazikika.

Amene simunawaonepo, musaganize za kiyibodi ya kutchalitchi yongoyatsa n'kuyamba kuimba. Awa ndi timabokosi, ma module, tomangidwa m'kesi imodzi, ndipo salira mpaka mutalumikiza nokha ndi timawaya ta 3.5 mm. Athuwa ndi a mtundu wa Eurorack, umene anauyambitsa Dieter Doepfer wa ku Germany. Mawu amabadwira mu VCO, amasefedwa mu VCF (filter), kenako amadutsa mu VCA imene envelope, module yolamulira mmene mawu amayambira ndi kuthera, imatsegula ndi kutseka. Mukawonjezera volt imodzi yolowa mu VCO, mawu amakwera ndi octave imodzi.

Chimene chinatsala pang'ono kutitseketsa ndi magetsi. Wogulitsa wina anatitumizira power supply, chipangizo chopatsa ma module magetsi, yolembedwa 2 A, koma mphamvu yake sinkafika pamenepo. Tsiku lina magetsi atazima n'kubweranso mwamphamvu, inapsa, n'kupita ndi ma module anayi. Mpaka lero wogulitsayo sayankha foni. Amene anatibwereketsa mpamba, iwo tsiku la chiwongoladzanja sanaliphonyepo.

Kuchokera pamenepo lamulo lathu ndi ili. Musanalumikize module iliyonse, yezani ndi multimeter ngati +12V, -12V ndi +5V zilipodi. Mzere wofiira wa pa riboni, waya wophwatalala wopititsa magetsi ku module, umayang'ana ku -12V. Mukautembenuza, module yopanda chitetezo imapsa nthawi yomweyo, ndipo fungo lake simudzaliiwala. Phatikizani ma mA (muyezo wa magetsi amene module imakoka) a ma module onse, ndipo asapyole magawo atatu mwa anayi a mphamvu ya power supply, chifukwa poyatsa amakoka ochuluka. Ife tsopano timayendera batire la sola ndi inveta ya pure sine wave. Inveta yotchipa ija ya modified sine imalowetsa phokoso long'ung'udza m'nyimbo, ndipo kulichotsa pambuyo ndi ntchito yaikulu.

Kenako kutentha. VCO ya analog imasuntha mawu kutentha kukamasintha, ndiye muiyatse mphindi 20 musanaichune. M'mwezi wa Okutobala, Mangochi ikamawotcha, timachunanso pakati pa kujambula, ndipo kesi sitiitsamiritsa kukhoma kuti mpweya uzidutsa. Ngati octave yoyamba ili bwino koma yachitatu yaphonya, chofunika kukonza ndi trimmer, kosinthira kakang'ono ka kumbuyo kwa module, pang'onopang'ono, muli ndi tuner pafupi.

Fumbi ndi chinyontho cha kunyanja zimapangitsa mabatani ozungulira kuthetheka. Mankhwala ake ndi contact cleaner, osati mafuta opopera pa tcheni cha njinga. Nyerere ndi mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'kesi, choncho timaitsegula mwezi uliwonse, titazula pulagi. Chinanso, mawu a makinawa amatuluka ndi mphamvu yofika 10V, yochuluka kwa mikisa; dutsitsani pa attenuator kapena output module kuti mphamvuyo itsike.

Tithokoze amayi athu amene anatipatsa chipinda osatilipiritsa lendi chaka choyamba, achimwene okonza mawailesi mumsika amene anatiphunzitsa kugwira bwino soldering iron, akalipentala amene anatikhomera makesi, makwaya a ku Malindi ndi ku Monkey Bay amene anatikhulupirira asanamvetse n'komwe chimene timachita, anyamata a beni amene analola kuti ng'oma zawo tizidutsitse mu filter, komanso aneba athu opirira phokoso la usiku. Zikomo kwambiri nonse.

Oimba ofuna bezi yonenepa imene simungaipeze mu kompyuta, bwerani mudzamve nokha, ola loyamba ndi laulere mwezi uno. Timaphunzitsanso Loweruka lililonse m'mawa, anthu anayi okha pa nthawi imodzi. Ngati muli ndi synthesizer kapena kiyibodi yofa, musaiwale kubwera nayo pamodzi ndi adaputala yake, chifukwa nthawi zambiri vuto limayambira mmenemo.