Umakaniko wa pa lendi

Galimoto yanga ndi ka Corolla ka AE110, zija zobwera kuchokera ku Japan zitatopa kale, injini yake 5A-FE ya 1500cc. Inawira mu October pokwera mapiri a Thabwa tikuchokera ku Chikwawa, amene mumalidziwa dzuwa la kuchigwa simufunika kuuzidwa zambiri. Geji inafika pofiira ine nkumati ayi tifike kaye pamwambapo, poti pamakhota paja poima pabwino mpovuta komanso kumbuyo kunali chi thiraki cha shuga chikundiliza hutala. Kufika tinafika inde. Koma kuyambira pamenepo madzi mu radiyeta kumangotha, ku ekizozi utsi woyera kuti tolotolo, ukatsegula chivindikiro cha radiyeta mmawa injini ikulira madzi kumachita thovu, ndiye oyilo pa dipusitiki (kachitsulo koyezera oyilo) atasanduka ngati tiyi wamkaka wa pa tiirumu.

Makaniko wanga wa ku Ndirande sanataye nthawi, anangonunkhiza utsi uja nkuti, "Biggie, gasiketi yapsa iyi, hedi ichoke." Hedi ndi chigawo chapamwamba cha injini, gasiketi ndi kachipepala komata pansi pake. Atatchula mtengo ndinamufunsa ngati wandimva kuti ndikugula galimoto ina. Iye akuti mudandaulire kwacha, chiigwereni ndi 44% mu November 2023 palibe sipeya yomwe inakhala pa mtengo wake. Ndinamuuza kuti ndibweranso, mumtima ndikudziwa kuti sindibweranso.

Usiku omwewo ndinagula bandulo nkulowa pa YouTube. Bambo wina wa ndevu zake akumasula injini yofanana ndi yanga mu garaja ya simenti yowala, zida zili ndondondo pakhoma, manja osada nkomwe. Ndinati kodi nzimenezi basi? Mabawuti khumi okha ndi kachipepala kokhala ndi mabowo anayi? Madam anandiyang'ana nkuti, "Bambo a mwana, inu switchi ya kubafa munaikonza ija mpaka lero timayatsa ndi mtengo wa mopu." Ndinati izo nzamagetsi, izi nzina.

Timakhala pa lendi ku Machinjiri, nyumba zamdadada, bwalo limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Tsono ukatsegula boneti pamalo otere ntchito imasiya kukhala yako. Ndisanachotse nkomwe waya wa batire ana a pa poloti onse anali atazungulira, alandilodi atakoka mpando wawo pansi pa mpapaya, kenako anatulukira alamu anga, achimwene awo a madam, omwe anakhalapo kondakitala wa minibasi ya Limbe–Zomba ndipo kuyambira pamenepo palibe injini yomwe saidziwa.

Poyamba zinayenda bwino mpaka ndinayamba kuimba muluzu. Madzi ndi oyilo ndinakhetsa, chipaipi cha mpweya ndinachotsa, pakamwa pa thurotulo, polowera mpweya mu injini, panatsala pululu ndiye ndinakumbukira kuti bambo wa ndevu uja amatseka mabowo onse kuopa fumbi. Ndinakuwira mwana wanga wa Standard 3 kuti iwe tandipatsa kansanza koyera msanga. Anabweretsa, ndinakankhira mkati osayang'ana, nkupitiriza. Mabawuti a manifodi ya ekizozi ndi omwe anandidya zikopa za zala, dzimbiri lokhalokha, alamu akuti thirani Coca-Cola, ndinagula awiri, mmodzi anamwa okha.

Injini imeneyi ili ndi ma kamushafuti awiri, zitsulo zozungulira zotsegula mavavu, koma taimingi beluti imazunguza imodzi yokha, ya ku ekizozi, inayo imatengera pa magiya. Ndiye giya ya kamu ya mpweya ndi yophatikiza, mbale ziwiri mkati muli sipuling'i, anaipanga choncho kuti isamachite phokoso. Usanaizule umayenera kulowetsa kabawuti ka 6mm pa kabowo kake kuti mbale zija zigwirane. Pamenepo ndi pomwe bandulo inathera. Alamu akuti, "Zulani alamu, ife pa Hiace timangozula." Ndinazula. Inangoti thwa! mmanja mwanga, mano a giya aliyense kuloza kwake, alandilodi nkufunsa ali pampando pomwepo kuti imayenera kulira choncho? Ndinati eya madala, ndi mmene imachitira.

Mabawuti a hedi ali ndi mutu wa makona 12, soketi wamba imangoterera, ndinachita kukabwereka kwa anyamata owotcherera kumsewu. Umamasula kuyambira kumapeto kulowera pakati, pang'onopang'ono modumphitsa, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ukaimasula mbali imodzi imapindika. Apa pokha ndinatsata malamulo. Ndinatenga katoni, kujambula injini ndi cholembera, kuboola mabowo khumi, bawuti iliyonse pamalo pake poti ena ndi aatali ena aafupi. Pamwamba pa mavavu pali timakapu 16, kalikonse ndi ka shimu kake, kandalama kachitsulo kosiyana makulidwe ndi kanzake ngakhale ndi maso simungaone. Timeneto ndinatindandalika mu thireyi ya mazira, 8 uku 8 uku. Ndinaima nkuyang'ana ntchito yanga, kunena zoona ndinadzipatsa ulemu.

Hedi ndinaikweza pa kabaza itakulungidwa mu thumba la feteleza kupita nayo kwa oskima, opala hedi kuti iwongoke. Mdala wa kumeneko anaika chitsulo chowongoka pamwamba, kulowetsa filageji, kachitsulo koyezera mpata, pansi pake nkumangopukusa mutu, akuti malire a kupindika ndi 0.05mm koma yanuyi munkaphikira nyemba? Anaiskima, ndinagula gasiketi pobwerera, wogulitsa akulumbira kuti ndi orijino pomwe pa paketi analemba zilembo zoti ngakhale iyeyo samatha kuwerenga.

Kufika pakhomo ndinapeza pakhonde pali mbee, posesedwa bwinobwino. Katoni palibe. Thireyi palibe.

"Mayi a mwana, zinthu zinali apa zija?"

"Zitsulo zanu? Ndakusungirani bwino, musadandaule. Zinali zakuda kwambiri ndiye ndazitsuka ndi Surf, zili mu beseni umo zikuuma."

Katoni anayatsira mbaula poti magetsi anathima, thireyi mwana anakagulira mazira pa okala. Mu beseni lobiriwira lochapira zovala munali mabawuti onse, timakapu 16, mashimu 16 atavuka kale, zonse zikuwala waliwali, zina zitayamba kadzimbiri kofiira. Madam ataima pambali akudikira zikomo. Ndinathokoza, ndikanatani, munthu wagwira ntchito.

Ma kapu ogwira kamushafuti anandimvera chisoni chifukwa Toyota anawadinda manambala, I ndi E, ndi kamuvi koloza kutsogolo. Mabawuti ndinasiyanitsa aatali ndi aafupi. Koma mashimu ndinangochita maere. Mpata wa vavu ya mpweya umayenera kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.25mm, ine ndinalibe choyezera, ndinkangotola nkuika, alamu akuti zikatentha zikhazikika zokha. Giya ija tinakaipana pa vayisi ya owotcherera nkuipotokola anthu atatu mpaka kabowo kanakumana.

Pomanga hedi alamu anafuna tigwiritse chipaipi cha mpanda, akuti bawuti umamanga mpaka imve. Apa ndinakana, ndinakabwereka thokirenchi, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, nkusiya chiphaso changa chikole. Umayambira pakati kutulukira kunja, 29 Nm onse khumi, kenako aliyense umamupotoza madigiri 90, nkubwerezanso ena 90. Kuti usasokoneze umaika kadontho ka penti pamutu pa bawuti, ine penti ndinalibe ndiye ndinaba kyutekisi wa madam wapinki. Mpaka lero mukatsegula chivindikiro cha injini yanga mupeza mabawuti odzola.

Mkati mwa masiku amenewa pa poloti panabuka nkhani ina yomwe ine sindinailabadire. Duku la Mvano la madam, loyera lija amavala ndi bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, linasowa pachingwe. Madam anaganizira mayi wa nyumba yachitatu poti ndi amene anayanula pambuyo pawo, mawu anaponyeranapo pampopi, zinafika poti "ena amaba ndi za kutchalitchi zomwe," moni anatha, ana analetsedwa kuseweretsana. Ine ndili pansi pa boneti ndinkangoti azimayi nawonso, duku lomwelo.

Tsiku loliza anthu anadzadza, mpaka a pa poloti ya kuseri. Ndinathira oyilo watsopano, madzi, kubweza batire, kupotoza kiyi. Tcherere tcherere, kenako PHAA! ku ekizozi, galu wa alandilodi kudumpha mpanda, mwana wina kulira, agogo ena omwe amadutsa ndi nkhuni kuzitaya nkukhala pansi. Mawaya a mapulagi ndinali nditawasanja 1-2-3-4 mwaulemu wake, chonsecho injini imawomba 1-3-4-2. Ndinakonza. Inalira ndithu, anthu kuwomba mmanja, koma kulira kwake kwa tcheketcheketcheke mashimu aja akudandaula, ndipo ukangoponda moto imatsamwa nkuzima. Kuliza, kuzima. Kuliza, kuzima, mpaka batire linagona. Alamu anati akukagula ndudu, sanabwerenso tsiku limenelo.

Ndinaimbira makaniko uja. Anabwera pa njinga yamoto, sanandiseke, chomwe chinandiwawa kuposa kuseka. Anamvetsera nkhani yonse, pa beseni anapempha ndibwereze. Anayang'ana mabokosi a mafyuzi nkuzula kamodzi, kukaunika kudzuwa. "Biggie, fyuzi ya fani ndi yopsa iyi. Fani yanu siizungulira, nchifukwa inawira ku Thabwa. Mukanangotuluka nayo gasiketi yatsopanoyi ikanapsanso musanafike pa Kameza." Kafyuzi ka mtengo wa mandasi angapo.

Kenako anamasula chipaipi cha mpweya, kusuzumira pa thurotulo, kulowetsa pulayala nkuyamba kukoka. Chinayamba kutuluka chinsalu, kutuluka, kutuluka, chakuda ndi oyilo koma mmphepete mukuoneka mpendero wosokedwa bwino. Anachitambasula mmwamba anthu onse akuona. Madam anali pakhonde akusankha mpunga, mayi wa nyumba yachitatu anali pampopi. Mwana wanga ndi amene anayankhula: "Ndi kansanza kaja munati koyera adadi."

Mayi uja anatseka mpopi, kupukuta manja pa chitenje, ulendo kwa alandilodi. Mlandu unakambidwa madzulo omwewo pansi pa mpapaya, makaniko anakana kupita akuti adikire poti ndi mboni. Chigamulo: madam apepese kwa mayi uja, ine ndipereke nkhuku kwa mayi uja chifukwa chomuipitsira mbiri, ndigule duku latsopano, ndiponso ndisadzatsegulenso boneti pa poloti popanda kudziwitsa eni malo. Makaniko anakoka galimoto mmawa mwake kukayeza mashimu limodzilimodzi, mtengo wake unaposa uja ndinathawa poyamba, akuti pamenepo pali ya ntchito ndi ya umboni.