Maso a amayi, zaka 4 chichitireni opaleshoni

Anthu akandifunsa ngati amayi anachira maso ndimachedwa kuyankha, chifukwa wofunsayo amayembekezera kumva kuti inde kapena ayi, pomwe nkhani yake siili choncho.

Amayi akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 16. Mu 2021 anadzuka tsiku lina akunena kuti diso lamanzere ladzaza utsi wakuda, ndipo adokotala anatifotokozera kuti shuga anali atawononga timitsempha ta magazi ta kuseri kwa diso, pamalo otchedwa retina, kenaka kunamera tina tosalimba timene tinaphulika n'kukhetsera magazi m'kati. Pa opaleshoni anachotsa madzi onanda a m'diso pamodzi ndi magaziwo, nawotcha m'mbali mwa retina ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kuti timitsemphato tisameremo tina.

Tinasangalala kwa chaka ndi theka, kufikira pamene diso lomwelo linayamba kuchita chifunga. Mtima wanga unagwa poganiza kuti magazi abwerera, koma inali ng'ala, imene imabwera kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni yotere, ndipo anaichotsa mosavuta.

Lero amayi amawerenga Baibulo la zilembo zikuluzikulu, ndipo masana amakhala pakhonde kwathu ku Chibavi ndi lichero pamiyendo, akusankha mpunga wa kilombero, nkhope itayandikira kwambiri mpungawo. Ulusi salowetsanso okha pa singano. Kukayamba kuda, makamaka mu June pamene nkhungu imakuta Mzuzu, saona kabaza wochokera m'mbali, choncho pochokera ku mapemphero amagwira mkono wa mdzukulu. Umenewo ndiwo mtengo wa laser: amateteza pakati pa diso, koma amachepetsa kuona kwa m'mbali ndi kwa usiku. Ine sindidandaula nawo mtengowo, pakuti kafukufuku wa ku America anasonyeza kale mu 1976 kuti laser amachepetsa ndi theka, ngakhale kuposerapo, chiopsezo chotaya maso.

Chimene chimandipweteka ndi zaka zonse zija tinkangoyeza shuga ndi kulandira mankhwala a shuga a metformin osapimitsa maso, poti amayi sankamva ululu uliwonse. Mpeni wa dokotala umachotsa magazi, koma malo a retina amene anafa sadzukanso, ndipo shuga ndi BP zikakwera zimapitiriza kuwononga otsalawo.

N'chifukwa chake diso lamanja, limene silinachitidwepo opaleshoni, ndilo timalidera nkhawa kwambiri. Tsiku lokawathira mankhwala okulitsa kamwanadiso kuti adokotala asuzumire kuseri ndinalilemba pa kalendala ya m'chipinda chochezera, ndi zilembo zoti amayi aziwerenga okha.