Lachisanu usiku, thiraki nambala 71

Panopa ili kudutsa 12 koloko usiku ndipo tulo palibe, ndiye ndangoti ndilembe zinthuzi zisanazizire. Lero 1 Marichi 2024, kapena ndinene kuti dzulo poti tsiku latembenuka kale.

Tsiku linayamba ngati masiku ena onse, 7 koloko ndili kale ku galaja, kuno ku Maryland, ku America, kukuzizirabe moti zala zimachita kuuma ukagwira sipanala. Ndasintha oyilo magalimoto asanu, mabuleki a kutsogolo pa Honda ina yake, kenako matayala anayi a pikapu ya mzibambo wina amene amangoyang'ana wotchi ngati ndikuchita dala. Nkhomaliro ndinadyera choimirira. Nthawi yomwe ndimaweruka msana unali utandigwira ndipo maganizo anga anali pa nsima ndi bedi basi.

Ndikulowa m'nyumba ndapeza mnyamata wanga, wa zaka 14 uja, wakhala kale pa TV limoti ili m'manja, akuti adadi lero musagone msanga, Rajah ayambira kutsogolo pa mpikisano wa mathiraki. Dzinali ndakhala ndikulimva m'nyumba muno kwa chaka chathunthu koma kunena zoona sindinkalabadira. Kwa ine zinali mbali imodzi ndi chiwongolero chake cha gemu chija, chomwe anagula chakale ndi ndalama zodulira anthu kapinga n'kuchimangirira pa tebulo yowerengera, mapedulo pansi atawatsamiritsa ku khoma ndi njerwa kuti asamathawe. Takangana kambiri za chiwongolero chimenechi. Amake amati musiyeni mwana, ine ndimati sitinabwere kuno kudzasewera magemu.

Koma lero ndinakhala pansi, mbale pamwendo, ndipo iye anayamba kundifotokozera mpikisano usanayambe, kuyankhula mothamanga osapumira. Rajah Caruth anabadwa mu 2002 ku Atlanta koma wakulira pompano ku Washington, DC, mtunda woti ine ndimayenda pa galimoto mphindi zosakwana 40. Kwawo kunalibe wa mipikisano ya magalimoto. Anzake ambiri amene akupikisana nawo anayamba ali ndi zaka 5 kapena 6 pa timagalimoto ta kart, bambo awo kapena agogo awo ali ndi galaja, ndalama ndi maina odziwika ku North Carolina komwe kuli matimu ambiri a NASCAR, bungwe lalikulu la mipikisano ya magalimoto kuno ku America. Iyeyu anayambira pa kompyuta, pa gemu ya mipikisano ya magalimoto yotchedwa iRacing, ali ndi zaka 16, msinkhu woti m'masewera amenewa amati wachedwa kale. Anthu a Drive for Diversity, pulogalamu ya NASCAR yopereka mwayi kwa akazi, anthu akuda ndi a mitundu ina, anamuona momwemo n'kumutenga, mu 2019 ndi pomwe anakhala koyamba m'galimoto yeniyeni ya mpikisano, timagalimoto ta Legends tating'onoting'ono tija ku Charlotte, pansi pa timu ya Rev Racing. Kenako magalimoto okulirapo otchedwa late model, kenako ARCA, gawo la mipikisano lomwe lili pansi pa la mathiraki, komwe mu 2022 anathera pa nambala 3 pa mapointi a chaka chonse. Chaka chatha anali pa thiraki nambala 24 ya GMS Racing, timuyo inatseka kumapeto kwa chaka, ndiye chaka chino ali ku Spire Motorsports, Chevrolet nambala 71 yolembedwa HendrickCars.com m'mbali. Ndipo zonsezi akuchita ali pa sukulu ku Winston-Salem State University. Apa mwana wanga anachita kubwereza kawiri, eti adadi mwamva, ali pa yunivesite, akudziwa bwino lomwe pomwe pamandikhudza.

Mpikisano unayamba itadutsa 9 koloko kuno. Las Vegas Motor Speedway, bwalo la mamailosi 1.5, kuzungulira ka 134. Poyamba ndimangoona mathiraki akuzungulira kumanzere kokhakokha, koma mwana uja amandilozera, onani mmene mphepo ikumukankhira akayandikana ndi mnzake, onani uyu watenga msewu wa m'mwamba pafupi ndi khoma, uyu matayala amuthera ayamba kutsetsereka kumbuyo. Za matayalazo ndiye ndinazimva bwinobwino chifukwa ndi ntchito yanga. Tayala likatentha mphepo ya mkati imakwera, kagwiridwe ka msewu kamasintha, ndiye taganizani pa liwiro loposa makilomita 250 pa ola, munthu akumva zimenezo ndi matako ndi manja ake n'kumauza wamkulu wa amakaniko pa wailesi kuti akonze chani akaima. Amene ankaoneka wamphamvu kwambiri usiku wonse anali Ty Majeski, ndipo ine mumtima ndinati basi mnyamata wathuyu athera pa nambala 3 kapena 4, zomwenso si zoipa.

Pomwe zinatembenukira ndi pa kuima komaliza. Anayenera kulowa kukasintha matayala ndi kuthira mafuta mpikisano uli mkati, mbendera yobiriwira ili m'mwamba, palibe wodikira mnzake. Mumsewu wa amakanikowo muli malire a liwiro ndipo magalimoto amenewa alibe sipidomita ngati yathuyi, woyendetsa amayang'ana kuzungulira kwa injini basi, ukapyola pang'ono chabe chilango. Majeski anapyola. Rajah analowa mwaukhondo, anaima ndendende pamalo pake, amakaniko ake kulumpha khoma, jeke pansi, thiraki m'mwamba, mfuti za mawilo kulira, matayala anayi ndi mafuta m'masekondi ochepa, ntchito yomwe ine masana inanditengera pafupifupi ola. Ndinapezeka ndaika mbale pansi ndaimirira. Onse atamaliza kuima nambala 71 inali kutsogolo, kutatsala maulendo ngati 20.

Maulendo 20 amenewo anali aatali bwanji. Mwana wanga anagwada pa kapeti pafupi ndi sikirini manja atagwira kumutu, akungonena chamumtima kuti pasachitike ngozi, pasachitike ngozi, chifukwa mbendera yachikasu yochenjeza za ngozi ikangotuluka onse amaunjikananso pamodzi ndipo mpata wonse umene wapeza umathera pomwepo. Masabata awiri apitawo ku Daytona ulendo womaliza unathera m'chingozi chachikulu ndipo Rajah anali mkati mwa nkhani imeneyo, ndiye mantha ake ndinawamvetsa. Amake anatuluka kuchipinda atafunda chitenje kudzaona kuti phokosoli ndi la chani, nawonso anangoima pakhomo osabwereranso. Tyler Ankrum amabwera kumbuyo koma sanamupeze. Mbendera yakuda ndi yoyera yomaliza mpikisano itagwa, Rajah atapambana, mwana wanga anakuwa mpaka ndikukhulupirira kuti a nyumba ya pansi anadzuka, kenako anayamba kulira, kulira kwenikweni misozi mbwembwembwe, ine ndinamugwira paphewa ndipo pakhosi panga panalinso pothina.

Zaka 21. Pa TV ananena kuti ndi munthu wakuda wachitatu kupambana mpikisano m'magawo atatu akuluakulu a NASCAR chiyambire 1948. Wachitatu basi, zaka zonsezi. Woyamba anali Wendell Scott wa ku Danville, Virginia, yemwe anali makaniko ngati ine, amakonza yekha galimoto yake ndi ana ake. Anapambana ku Jacksonville, Florida pa 1 Disembala 1963 koma tsiku limenelo analengeza Buck Baker kuti ndiye wapambana, anadzavomera anthu atabalalika kale, ndipo chikho banja lake linadzalandira mu 2021 mwini wake atamwalira kalekale mu 1990. Nkhani imeneyi yandipweteka kwambiri usiku uno, mwina chifukwa ndikudziwa mmene manja a munthu wotero amaonekera madzulo. Wachiwiri ndi Bubba Wallace, ku Martinsville mu 2013.

Sindikunama, ndalama za masewerawa ndi zoopsa ndipo ine ndi malipiro a ku galaja sindingazifike, komanso ana amene akuyendetsa pa kompyuta ndi ambirimbiri, amene afika pomwe wafika Rajah ndi owerengeka. Izi ndamuuza mwana wanga mosabisa titakhala pansi TV itazima. Anangoti ndikudziwa adadi, ine ndimangofuna muone kuti si zachibwana. Kenako anandikoka dzanja kupita kuchipinda kwake, anayatsa kompyuta n'kutsegula bwalo lomwelo la Las Vegas, nandikhazika pa mpando. Chiwongolero chija chimalimbana nawe, chimanjenjemera m'manja ukafika pokhota, ndipo ndinamva ndithu kumbuyo kukufuna kuthawa ndisanagunde khoma. Iye atakhalapo anazungulira ka 10 osalakwitsa, nthawi yake ikusiyana pang'ono pokha ulendo uliwonse, phazi lake lofewa pa pedulo kuposa madalaivala ambiri amene amandibweretsera magalimoto.

Ndaona kuti kachitsulo komangira chiwongolero pa tebulo kanatha mano, n'chifukwa chake chimagwedera akakhota mwamphamvu. Mawa ndikugwira theka la tsiku, ndikatenga bawuti ya 8 ndi mawashala awiri ku galaja, komanso pali zidutswa za chitsulo kuseri zoti ndingawotcherere poikapo mapedulo kuti njerwa ija ibwerere panja. Lamlungu kuli mpikisano wa Cup, gawo lapamwamba kwambiri la NASCAR, pa bwalo lomwelo, wandiuza kale kuti tikangochoka ku tchalitchi tisachedwe pa macheza.