Aphunzitsi amene anasiya choko: asayimenti yanga ya Brendan Gleeson

Semesita ino ku kosi ya zisudzo yomwe ndikuchita kumapeto kwa sabata anatipatsa asayimenti yoti aliyense asankhe wazisudzo mmodzi wakunja, woti wasewerapo pa siteji, mu filimu komanso pa TV, kenako tilembe mmene ntchito yake yayendera. Anzanga ambiri anathamangira kwa a ku America otchuka aja. Ine ndinatenga Brendan Gleeson wa ku Ireland, ndipo chifukwa chake ndi chopanda nzeru ndithu, mwana wanga wachisamba amamudziwa ngati mphunzitsi wa diso lozungulira uja mu Harry Potter, Mad-Eye Moody, ndiye ndinati bola ndikhala ndi wondithandiza pakhomo kkkk.

Zomwe ndinalemba koyamba zinali mndandanda basi. Anabadwa mu 1955 ku Dublin, anasewera mu Braveheart mu 1995, mu Troy mu 2004, anawina mphoto ya za pa TV ya Emmy mu 2009, anapikisana nawo pa mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2023, mwakuti mwakuti, masamba atatu odzaza ndi mayina a mafilimu ndi zaka. Ndinkadziona ngati ndamenya. A lekichala atabweza pepala analemba funso limodzi lokha pansi, lofunsa kuti munthuyu anaphunzira kuti ntchitoyi. Ndinakhala ngati ndakwiya pang'ono, koma nditawerenganso ndinaona kuti zoona, pepala langa linalumpha zaka zoposa 30 ngati munthu anangogwa kuchokera kumwamba ali kale ndi ndevu zake pa kamera.

Ndiye ndinabwerera mmbuyo, ndipo apa mpamene nkhaniyi inandigwira. Bamboyu anali mphunzitsi wa sekondale! Anaphunzira Chingerezi ndi Chiirishi ku University College Dublin, kenako nkukaphunzitsa maphunziro omwewo ku Belcamp College chakumpoto kwa Dublin, zaka ndithu, masana ali mkalasi madzulo ali ku pulakatisi ya zisudzo. Gulu lomwe ankasewera nalo linkatchedwa Passion Machine, linayamba mu 1984, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa, Paul Mercier, analinso mphunzitsi, komanso Roddy Doyle yemwe anawalembera sewero mu 1987 ankaphunzitsanso pa sukulu. Masewero awo anali onena za anthu wamba a mmakomboni a Dublin, olankhula mmene anthuwo amalankhulira, osati Chingerezi chotchena cha pa siteji za akuluakulu. Gleeson sankangosewera, ankalembanso masewero ake a gululo. Ntchito ya uphunzitsi anadzaisiya chakumayambiriro kwa ma 1990, zaka atadutsa kale 30, ali ndi mkazi ndi ana ang'onoang'ono pakhomo.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zisudzo pa sukulu pathu, ndiye mutha kumvetsa chifukwa chake ndinakhala usiku wonse pa foni mpaka bando kutha. Nthawi zonse ndakhala ndikuganiza kuti uphunzitsi ndi pomwe munthu amadikirira, kuti maluso enawo amafota pang'onopang'ono uku ukuchonga makope. Koma ukaganizira bwino, kuima kutsogolo kwa anyamata a zaka 15 amene sakufuna kukumvera, tsiku ndi tsiku, kusintha mawu, kudziwa pamene wawataya ndi pamene wawagwira, kuwerenga nkhope za anthu akumbuyo, sindikuona sukulu ya zisudzo yoposa pamenepo. Awa ndi maganizo anga, sindikuwaika mkamwa mwake. Koma ukamuonera amakhala ndi kachitidwe kena kongoima chete nkuyang'ana munthu mpaka winayo achite manyazi, ndipo mphunzitsi aliyense amakadziwa kameneko.

Chinthu chachiwiri chomwe ndinachiphonya pa mndandanda wanga ndi nkhani ya Michael Collins. Ameneyu anali mtsogoleri pa nkhondo ya anthu a ku Ireland yofuna ufulu kuchokera kwa Britain, anasayina nawo pangano la mu 1921 ku London ndipo anaphedwa mu 1922 pa nkhondo yapachiweniweni. Mu 1991 Gleeson anasewera Collins yemweyo pa TV mu The Treaty, iyeyo ndiye mwini filimu. Patangopita zaka zisanu, mu 1996, kunapangidwa filimu yaikulu ya nkhani yomweyo, mbali ya Collins anapatsa Liam Neeson, Gleeson nkumupatsa mbali yaing'ono ya Liam Tobin, mmodzi mwa othandizira Collins. Tangoganizani. Mbali yomwe unaisewera kale anthu nkukuyamikira, lero ukuima pambali kumatumikira mnzako amene akuisewera. Kwa ife kuno ku kalabu mwana ukamuchotsa pa ufumu nkumuika pa ulonda, mawa lake sabweranso, makolo mpaka amatumiza uthenga. Iye anasewera. Ndipo chondisangalatsa nchakuti Emmy ija ya 2009 anaipeza posewera Winston Churchill mu Into the Storm, Churchill yemwe anali mbali ya Britain pa zokambirana zomwe zija za 1921. Munthu mmodzi wakhalapo mbali zonse ziwiri za tebulo.

Za mafilimu akuluakulu a pakatipa sindichedwapo, ambiri amakhala mnzake wa ngwazi, kapena bambo wa winawake, kapena msilikali wonenepa wamawu aakulu. Amazichita bwino, basi.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa kafilimu kakafupi ka mu 2001 kotchedwa Cáca Milis, ka mu Chiirishi chokhachokha. Amasewera munthu wosaona amene wakwera sitima nkumasowetsa mtendere mayi wina amene akufuna kungowerenga buku lake, mapeto ake sindikuuzani koma ngoopsa. Kafilimu kameneka kanadzalowa mu silabasi ya Chiirishi ya mayeso omaliza ku sekondale, kutanthauza kuti mphunzitsi uja anabwereranso mkalasi kudzera pa sikirini. Chiirishi ndi chiyankhulo choyamba cha boma kumeneko ndipo chimaphunzitsidwa mmasukulu, koma ochiyankhula tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ambiri amangokhalira Chingerezi. Munthu amene anali atayamba kale kuitanidwa kunja anapezabe nthawi yosewera mu chiyankhulo chakwawo. Apa ndinadzifunsa za ana anga a ku kalabu, amene ndikawapatsa sewero la Chingerezi amauma ngati mitengo, amangolakatula mizere, koma ndikati tayesani mu Chichewa thupi lonse limayamba kulankhula. Nanga ineyo bwanji ndimaona ngati sewero lenileni ndi lachingerezi lokha?

Siteji sanaitayiretu. Mu 2015 anasewera ku Olympia Theatre ku Dublin mu sewero la Enda Walsh pamodzi ndi ana ake awiri, Domhnall ndi Brian, bambo kusewera bambo, ana kusewera ana. Ndipo ya Oscar ija inabwera ali ndi zaka 67, pa The Banshees of Inisherin, momwe amasewera woimba vayolini amene tsiku lina wangoganiza zosiya kuyankhulana ndi mnzake wapamtima, mbali yomwe amasewera Colin Farrell. Vayoliniyo amaimba yekha zenizeni, ndi luso lomwe wakhala nalo kuyambira kalekale, ndipo kanyimbo kamene munthuyo amapeka mu filimumo anakapeka ndi iye mwini. Sanawine, koma pa pepala langa latsopano Oscar yatenga mizere iwiri yokha, pomwe Passion Machine yatenga tsamba ndi theka.

Kunena zoona sindikulota zosiya ntchito ayi, salale ndi yochepa koma imabwera, ndipo ku Dublin kunali masiteji olipira, kunali RTÉ, wailesi ndi TV ya dzikolo, kunali London pafupi, zinthu zomwe ine pano ndilibe. Chomwe chasintha ndi kalembedwe kanga ka asayimenti, tsopano ndikayamba kuwerenga za munthu ndimayamba kufufuza zaka zomwe palibe amene ankamujambula, amadya chani, amayeserera kuti, anali ndi ndani.

Pepala ndikukapereka Loweruka. Lachisanu tili ndi pulakatisi ku kalabu, ndipo mnyamata wina amene anakana kukhala mlonda sanabwererebe, ndiye ndawauza ana kuti chikhothi ndi chibonga andisungire, mlonda ndikhala ineyo.