Zigawo zodulidwa mu filimu tiziziwerengera?

Anzanga a ku Ulongwe ndi ku Moatize amene simugona ndi mkangano umenewu, maganizo anga ndi awa: chigawo chimene eni filimu anachichotsa sichinachitike m'nkhaniyo.

Yambani mwafunsa chifukwa chimene anachidulira. Ngati chinkangotalikitsa filimu ndipo sichikutsutsana ndi zina, sangalalani nacho, koma musachitenge ngati umboni. Zovuta ndi zija anadula chifukwa nkhani inasintha ali mkati mojambula. Munthu wafa m'chigawo chodulidwa, koma mu filimu yotsatira ali moyo, akuyenda bwinobwino. Mukawerengera zonse ziwiri, nkhani yasokonekera.

Zimasintha eni ake akachibwezera okha. Mu filimu ya Star Wars ya 1977 anadula pamene Han Solo akukumana ndi Jabba. Mu 1997 George Lucas, amene anapanga filimuyo, anachibwezeramo, Jabba atamupanga pa kompyuta. Chimenecho chiwerengereni.

Chenjeraninso ndi mafilimu okuikirani mu foni pamsika, ena amasokereramo okha zidutswa za pa YouTube. Sizivuta kuzizindikira: mtundu wa zithunzi umasiyana, mawu amatsika, nyimbo palibe, mwinanso nsalu yobiriwira yojambulirapo filimu ikuonekera kumbuyo kwa osewera.